Mabuleki a Mayi Sachedwa Atasiya Kulira

M'dera lakumtunda lija anthu ambiri sankavutika kuyang'ana wotchi m'mawa. Akangomva kaminibasi koyera kakutsokomola pakhomo pa Mayi Sachedwa, ankadziwa kuti nthawi yomangira ana zingwe za nsapato yakwana. Dzina limeneli anawapatsa ndi makolo a ana a m'deralo, ndipo eni ake ankalikonda kuposa dzina lawo lenileni. Ntchito yawo inali yonyamula ana aang'ono kupita nawo kusukulu ya kumunsi kwa chitunda, ndi kukawatenganso masana. Chiyambireni ntchitoyo, amuna awo atamwalira n'kuwasiyira galimotoyo, sanajombepo, kaya kugwe mvula kaya iwo adwale chimfine. Ana ankawatchula kuti Anti. Ankadziwa mwana amene amasanza akakhala kumbuyo, amene amaiwala botolo la madzi, ndi amene amafunika kumupukuta mamina asanatsike. Munthu akamakupatsa mwana wake pageti m'mawa uliwonse ndiye kuti wakukhulupirira kotheratu, ndipo chuma chonse cha Mayi Sachedwa chinali chikhulupiriro chimenecho.

Koma tisabise mawu, mayiwa analinso ndi liuma. Akati ayi, ngakhale muwaitanire abusa ndi akulu ampingo onse, inali ayi basi. Liumalo ndi limene linawaimika pamene anthu ankati mkazi wamasiye sangathe, choncho iwo ankaliona ngati bwenzi.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina ataponda mabuleki pageti pa nyumba ina, kunamveka kaphokoso, "tswii," ngati mbewa yopondedwa mchira. Sabata isanathe mbewa ija inasanduka nkhumba yokokedwa miyendo. Agalu a m'mipanda ankayankha, ana m'galimoto ankatsanzira mpaka kugwa ndi phwete, ndipo amuna ongokhala pakhonde la golosale ankatseka makutu mwadala galimotoyo ikamadutsa.

Amene sanaseke anali mayi a mapasa. Mayi amenewa anakhala pabanja zaka zambiri opanda mwana, akumeza zonyoza za achibale a kuchimuna, mpaka Mulungu anawakumbukira ndi ana awiri nthawi imodzi, mnyamata ndi mtsikana. Ankawalowetsa okha m'galimoto ndi kuwamanga malamba ndi manja awo.

"Anti," anatero m'mawa wina atagwira chitseko, "phokoso ili likundisowetsa mtendere. Ine ana ena ndilibe, ndi omwewa. Chonde kakonzetseni. Likapitirira, musadzandione ngati munthu woipa ndikapeza wina wowanyamula."

"Musadandaule, mayi. Ndi fumbi chabe. Mawa simulimvanso."

Anayankha akumwetulira. Mayi a mapasa anali munthu amene makolo ena ankamumvera. Akachotsa ana awo, ena onse akanatsatira pambuyo.

Atatsitsa ana kusukulu anapita kugalaja ya alamu awo, mkulu wake wa malemu amuna awo. Kumeneko ankapitako ngati munthu wopita kokazula dzino. Alamuwo anali makaniko wodziwa ntchito yake, koma pakamwa pawo panali tsabola wokhawokha. Ndiwo amene pamaliro paja ananena poyera kuti galimotoyo igulitsidwe chifukwa mkazi sangaisamale, ndipo mawu amenewo anali asanatsike pakhosi pa Mayi Sachedwa.

Galimoto isanaime n'komwe, alamuwo anatuluka pansi pa lole ina atakwinya nkhope, chifukwa anali ataimva ikadali kumsewu. Sanafunse za kunyumba. Anaikweza pa jeke, anamasula tayala lakutsogolo, anasuzumira ndi tochi, kenaka anaimba mluzu wautali.

"Mlamu, tabwerani muone ndi maso anu."

Anawaonetsa mapadi, tizidutswa timene timafinya mbale yachitsulo ya kutayala kuti galimoto iime. Anali atadyeka mpaka kutsala opyapyala ngati chikhadabo. M'mbali mwa padi munali kachitsulo kakang'ono kopindika, nsonga yake itakhudza mbale ija.

"Kakulira ndi aka," anatero alamuwo. "Sikanawonongeke ayi, kakugwira ntchito yake. Anakaika dala kuti mapadi akatha kazikuwa, mwini galimoto amve. Kakhala kakukuitanani masiku onsewa, inu muli kalikiliki kuimba nyimbo ndi ana."

"Ndiye sinthani, ndidikira. Masana ndikatenge ana."

"Amtundu uwu ndilibe, mpaka ndiitanitse. Mbale nazonso zakumbika. Galimotoyi igona pano mpaka zinthu zifike, mwina Lachinayi, mwina Lachisanu."

"Igone? Nanga ana?"

"Auzeni makolo apeze njira ina masiku amenewa. Palibe mwana anafa ndi kuyenda pansi."

"Alamu, ine sindinajombepo."

"Ndiye jombani lero mudakali moyo! Chitunda chanu chija si chosewera nacho. Mng'ono wanga sakanafika nayo pamenepa galimotoyi. Ndinanena ine kuti galimoto si ndowa yoti ikabooka umangomata phula."

Apa ndi pamene zinthu zinasokonekera. Alamuwo akanalankhula mofatsa, mwina nkhani ino bwenzi kulibe. Koma iwo kufatsa sankakudziwa, ndipo Mayi Sachedwa anamva za mng'ono ndi za ndowa, za chitunda sanazimve.

"Bwezerani tayala langa."

"Mlamu, tamverani kaye."

"Ndati bwezerani tayala. Galimotoyi ndi yanga."

Anabwezera, akumanga manati mwaukali. Pochotsa jeke anati, "Mapadi ndiitanitsabe. Koma mukatuluka pageti apo, musanyamule mwana wa munthu. Ndanena."

Panjira yobwerera, pansi pa mtengo woyandikana ndi pomwetsera mafuta, panali bambo wina womata matayala. Mayi Sachedwa anaima pomwepo, galimoto ikukuwa, namuuza kuti amasule tayala. Chomvetsa chisoni n'chakuti phunziro la alamu lija analigwira bwino ndithu, moti kachitsulo kaja analoza okha.

"Aka. Kapindeni kasamakhudze mbale. Mbali zonse ziwiri."

Wamatayala anakanda m'mutu. "Koma mayi, mapadiwa atha. Tikapinda aka, muzidziwira chiyani?"

"Ndikudziwa kuti atha. Atsopano akubwera. Ndikungofuna ndifike Loweruka."

Waganyu satsutsana nthawi yaitali ndi mwini katundu. Anatenga pulayazi, anapotokola uku, anapotokola uko, ntchito n'kutha. Mayi Sachedwa atayesa mabuleki, galimoto inaima phee ngati yatsopano. Anapuma mpweya wautali, ndipo anadzimva kuti awina mlandu.

M'mawa mwake mayi a mapasa anatchera khutu galimoto ikuima pageti. Kunali zii. Nkhope yawo inamasuka.

"Mwakonzetsa, Anti?"

"Ndakonzetsa, mayi. Kwa alamu anga, makaniko aja."

Bodzalo linatuluka losalala, ndipo dzina la alamu analiwonjezerapo kuti limveke lolimba. Mayi a mapasa anathokoza ndi manja awiri, nakweza ana awo.

Loweruka linafika. Mtima wa munthu ndi wodabwitsa, chimene chasiya kulira umachiyesa chachira. Alamu anaimba foni kuti mapadi afika, Mayi Sachedwa anaona dzina n'kuisiya ikulira mpaka inatopa yokha. Anati apita sabata yamawa. Sabata yamawa inabwera ndi ana awiri atsopano, makolo awo atamva mbiri yabwino kwa mayi a mapasa, ndipo munthu sungajombe sabata imene walandira ana atsopano. Tsiku lina anadutsa pafupi ndi galaja ija, anachepetsa liwiro, anaona miyendo ya alamu itatulukira pansi pa galimoto ina. Akanangokhota basi. Koma anaganiza za nkhope imene alamuwo akanachita poona tizitsulo topindidwa tija, ndipo anapitirira.

Lamulungu lina masana alamuwo anafika okha pakhomo, katoni ya mapadi ili kukhwapa. Anaimitsidwa pageti ngati wogulitsa malonda.

"Ndinakonzetsa kwina," anatero Mayi Sachedwa.

"Kwa ndani? Ndiloleni ndingosuzumira, sinditenga nthawi."

"Makaniko si inu nokha m'tauni muno."

Anabwerera ndi katoni yawo akupukusa mutu.

Zizindikiro zina zinabwera, koma zinali zaulemu, zosachititsa munthu manyazi pagulu. Chopondera cha mabuleki chinayamba kufuna kupondedwa mozama. Potsika chitunda, pansi pa mapazi pankamveka kukhukhuluzana kwa chitsulo ndi chitsulo, kumene munthu woima pageti sakanakumva. Mayi Sachedwa akakumva ankayambitsa nyimbo, ana n'kuilandira. Ankadziuza kuti tchuthi chayandikira, ndipo pa tchuthipo adzapeza makaniko wina wakutali wosawadziwa.

Chitunda chija n'chachitali, ndipo chimathera pamphambano pamene pamadutsa msewu waukulu. Kumanzere kwake kuli ngalande yakuya ya simenti, kumanja kumakhala magalimoto okwera. Pamphambanopo m'mawa pamakhala piringupiringu, ogulitsa zipatso, odikira basi, ana oyenda pansi. Chakumunsi ndithu, pamene ngalande imalowa pansi, anthu ena ankamanga nyumba, ndipo anali ataunjika mchenga kuseri kwa mpanda wa malata.

M'mawa wina kunacha bwino, kopanda ngakhale mvula yoti munthu n'kuinamizira. Galimoto inali yodzaza. Atayamba kutsetsereka, Mayi Sachedwa anaponda mabuleki monga mwa masiku onse. Kutsogolo kunamveka "khwa!" ndipo phazi lawo linangopita pansi mpaka kukagunda chitsulo. Anapondanso, palibe. Anapopa mofulumira, phazi likungomira ngati m'matope. Galimoto inayamba kuthamanga yokha.

Kumbuyo ana anali pakati pa nyimbo.

Anakankhira giya pansi. Injini inabangula, galimoto inagwedezeka, koma sinamvere. Anakoka handibuleki pang'onopang'ono kuopa kugubuduza. Fungo la chopserera linadzaza m'kati, liwiro linachepa pang'ono, kenaka linayambanso kukwera. Kumunsi anaona chilole cha njerwa chitaima chopingasa pamphambano, chikudikira mpata, ndipo mayi wina akuwoloka pafupi nacho atasenza dengu. Anakanikiza hutala osaisiya. Anthu anatembenuka, ena anabalalika, dengu linagwa, koma chilole sichinasunthe. Kumanja kunkakwera basi yodzaza, kumanzere ngalande inali yasa.

Nyimbo inazima yokha, mwana mmodzimmodzi.

"Anti, bwanji tikuthamanga?"

"Aliyense agwire mpando! Mitu pansi!"

Mawuwo anatuluka achilendo, si mawu amene anawo anawazolowera, ndipo onse anayamba kulira. Pagalasi Mayi Sachedwa anaona mtsikana wa mapasa uja atamasula lamba, ataimirira pakati pa mipando, manja atatambasulira kwa iwo.

"Khala pansi, mwanawe! Khala pansi!"

Mpanda wa malata unali ukufika. Akaupitirira, kutsogolo kunalibenso china koma njerwa. Anaitana dzina la Mulungu kamodzi, napotoza chiwongolero ndi mphamvu zawo zonse. Matayala a mbali imodzi ananyamuka, galimoto inapendekeka ngati ikugubuduka, inabwerera pansi, malata anang'ambika ndi chiphokoso, ndipo mphuno ya galimoto inazika mumchenga.

Kwa kanthawi kunali fumbi lokhalokha. Kenaka kulira kunayambiranso, ndipo sipanakhalepo tsiku limene Mayi Sachedwa anakondwera kumva ana akulira ngati limenelo. Pachifuwa pankabaya pamene chiwongolero chinawagunda, koma anakwawira kumbuyo akuitana mwana aliyense. Ankayankha, ena ndi milomo yotupa, ena akungonjenjemera. Mmodzi yekha sanayankhe. Mtsikana wa mapasa anali gone pansi, magazi akutsika pamphumi, mkono utapindika molakwika, mlongo wake akumugwedeza mwendo kuti adzuke. Amisiri omanga nyumba aja anathamangira pomwepo, wina anaimitsa galimoto yodutsa, ndipo Mayi Sachedwa anamufungatira mwanayo njira yonse ya kuchipatala, akumuitana, iye ali duu.

Makolo anafika kuchipatala mmodzimmodzi, ena atavala za kuntchito, ena opanda nsapato. Anadikira pakhonde lalitali lonunkha mankhwala. Mayi a mapasa sanakhale pansi, ankangoyenda kuchoka pachitseko kukafika pawindo n'kubwereranso. Mayi Sachedwa anaima kukhoma, chifukwa sanadzione woyenera benchi. Dzuwa litafika pamutu dokotala anatuluka, nanena kuti mwana watsitsimuka ndipo waitana mayi ake. Mkono wathyoka, pamphumi asoka, agonekedwa kuti amuyang'anire. Mayi a mapasa anagwada pansi pomwepo, kenaka anadzuka n'kukumbatira Mayi Sachedwa.

"Anti, amisiri aja andiuza zonse. Pakanapanda inu, ana onsewa akanathera pachilole chija. Mulungu akudalitseni." Anapukuta misozi, ndipo mawu awo anasintha. "Koma makaniko ameneyo! Mabuleki okonzetsa dzana lomweli? Munthu ameneyo akanatiphera ana. Akagone m'chitokosi ameneyo."

Makolo ena anavomereza mokweza. Mayi Sachedwa anaona bwinobwino kuti akangokhala chete, dzina lawo lituluka m'chipatalamo lalikulu kuposa kale, ndipo ana onse aja akhala akuwadikira pamageti. Anakhala chete.

Nthawi yomweyo alamu aja analowa pakhondepo akuwefuka, ovolosi ili mchenga wokhawokha. Anali atamva za ngoziyo n'kuthamangira kuchitunda, ndipo atasuzumira kutayala anaona zonse: padi litasweka n'kugwa, mafuta a mabuleki atatayikira pansi, ndi kachitsulo kaja katapindidwa ndi pulayazi.

"Ndi awa!" anakuwa wina.

Bambo a mapasa, munthu wamtali, anawagwira pakolala n'kuwakankhira kukhoma. "Ndiwe unakonza galimoto imeneyi? Yankha!" Amuna ena awiri anayandikira. Wina anali atayamba kale kuimbira apolisi.

Munthu amene sankasowa chonena uja, tsiku limenelo sanatsegule pakamwa. Anangoyang'ana mkazi wa mng'ono wawo kudzera pamwamba pa phewa la bambo a mapasa. Akananena chiganizo chimodzi chokha akanamasuka, koma ankadziwa amene chiganizocho chikamugwere. Dzanja la bambo a mapasa linakwera m'mwamba.

"Asiyeni!"

Onse anatembenuka.

"Asiyeni," anatero Mayi Sachedwa. "Sanakonze galimotoyi. Anandiuza kuti ndiisiye kugalaja, ndinakana. Anandiuza kuti ndisanyamule mwana wa munthu. Chimene chinkalira chija chinali chochenjeza kuti mabuleki atha, ndipo ndine ndinauza munthu wina kuti achipinde chisamamveke. Mapadi atsopano anandibweretsera mpaka pakhomo, ndinawabweza."

Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono. Mayi a mapasa anabwerera m'mbuyo, akuyang'ana munthu amene anali atangomukumbatira. Sanakuwe, sanatukwane. Bola akanatukwana.

"Ndinakufunsani, Anti," anatero motsitsa. "Pageti panga, ana anga ndili nawo m'manja. Munandiyang'ana m'maso."

Analowa m'chipinda mmene munagona mwana wawo, natseka chitseko. Makolo ena anatenga ana awo mmodzimmodzi, ndipo podutsa pamene panaima Mayi Sachedwa aliyense ankakokera wake mbali inayo. Kamtsikana kena kanatembenuka kuti katsanzike, "Anti, tionana mawa," koma mayi ake anakakoka dzanja osacheuka.

Apolisi anabwera, anafunsa mafunso awo, nawauza kuti adzaonekere kuofesi kwawo m'mawa mwake. Zimenezo Mayi Sachedwa sanaziope kwenikweni. Chimene chinawathyola msana n'chakuti ankadziwa kuti galimoto ikhoza kuwongoledwa, mkono wa mwana udzalumikizana, koma m'dera lonse lija munalibenso mayi amene adzawapatse mwana wake pageti. Anadzigwetsa pabenchi nalira mosabisa.

Pakhonde ponse panatsala munthu mmodzi. Alamu aja anakonza kolala yawo yong'ambika, anapita kukaitana namwino kuti adzaone chifuwa cha mayiwo, nadikira panja mpaka anamaliza. Potuluka anawagwira mkono kuti atsike bwino masitepe.

"Tiyeni kunyumba. Mawa kupolisi tipitira limodzi." Anayenda pang'ono, kenaka anawonjezera, "Ndipo musaganize kuti ndasiya kulankhula, mlamu. Ndikungodikira chifuwacho chipole."

Onse amene ankawatamanda pamene galimoto inali chete anali atapita, ndipo palibe angawaimbe mlandu. Wotsala anali yemwe uja wa mawu owawa. Chenjezo silikoma m'khutu, kaya lichokere kwa munthu, kaya kwa kachitsulo ka kutayala, ndipo wolitseka pakamwa amangodzichotsera mlonda, ngozi n'kuisiya pomwepo. Akuluakulu sananame pamene anati wakutsina khutu ndi mnansi.